Kodi pa Ntcheu boma ndi pa chipani chanji kwenikweni, nanga amene amakavota ndi ndani?

Wakumphate:
Abale ndithandizeni, makamaka inu a ku Ntcheu konko. Ntchito yandisamutsira pa boma ndiye ndikufuna kumvetsa kuti ndidziwe poyankhula. Pamapu ndi chigawo chapakati ndiye ine ndimangoti ndi kwa Kongeresi ngati Dedza kapena Dowa, koma ukakhala pa depoti anyamata a kabaza ndi oyitanira minibasi aliyense ali ndi chipani chake, wina tisheti ya buluu wina yofiira wina mpango wa tambala, phokoso lokhalokha. Funso langa ndi liwiri, anthu a pano amapendekera kuti? Komanso onse aphokosowa tsiku lovota amakaima pamzere kapena zimathera pakamwa?

Mbumba_ya_Gomani:
Achimwene mapu asakunamizeni. Ntcheu ili pakati inde koma pa voti si nthawi zonse imayenda mzere umodzi ndi Dedza, Lilongwe kapena Kasungu. Yambirani 1993 pa riferendamu, maboma ambiri apakati ankafuna chipani chimodzi chipitirire, kuno anthu anasankha nyali, zipani zambiri. 1994 anapita ndi Bakili Muluzi osati Kamuzu. Nthawi ya Bingu kunali buluu, kumbukirani 2009 mkuluyo anapeza pafupifupi 66 peresenti dziko lonse chifukwa cha makuponi a feteleza, ndipo alimi a kachewere ndi kabichi a ku Tsangano ndi Lizulu nkhani ya feteleza saseweretsa. Kenako 2018 a Chilima atayamba UTM kuno kunafiira, mwana wa pakhomo, kwawo ku Nsipe komwe anawaika mu June 2024 ndege ija itagwa ku Chikangawa. Ndiye mukandifunsa ine kuno kulibe chipani chomwe chingati ndi kuchipinda kwake. Angoni a kuno amavotera munthu komanso mtengo wa thumba la feteleza, mtundu wa nsalu umabwera pambuyo.

Dala wa pa Biriwiri:
Mayi mwanena zoona koma funso lachiwirilo ndi limene lili ndi nyama. Aphokoso a pa depoti aja ambiri savota pa boma, ena savota nkomwe. Chifukwa chake nchosavuta, umavota pa senta yomwe unalembetsera, ndipo kuyambira chisankho cha 2019 polembetsa amafuna chiphaso cha unzika cha NRB. Tsono mnyamata wa kabaza uja kwawo ndi ku Kasinje kapena Bwanje, analembetsera pa sukulu ya kumudzi kapena chiphaso chinatayika sanakatengenso china, tsiku lovota likafika awerengere thiransipoti yopita ndi yobwera kuphatikiza ndalama ya tsiku limenelo yomwe bwana mwini njinga akuidikira madzulo, amangoti aaa voti yanga imodzi isintha chani. Aphunzitsi, manesi ndi apolisi osamutsidwa ngati inuyo chimodzimodzi, ukapanda kusamutsa dzina nthawi yomwe a MEC atsegula basi zako zada. Amene amadzadza mzere 6 koloko isanakwane ndi azimayi ndi azigogo a m'midzi yozungulira, omwe pa Facebook simudzawaona, ndipo aphungu ochenjera amadziwa, nchifukwa chake kampeni yeniyeni imachitikira pamaliro, kutchalitchi ndi kwa mfumu, pa boma amangodutsa ndi galimoto la zimkuzamawu.

Tisheti musaiwerengere. Munthu mmodzi amakhala nazo zitatu.

Nachisale88:
Ine ndikutsutsako pang'ono a Dala, mukuwanyoza achinyamata. Anthu amatuluka akaona kuti pali chomenyera. 2019 dziko lonse anavota pafupifupi 74 pa 100 alionse olembetsa, khoti litafafaniza zotsatira zija pa 3 February 2020 nkhani ya tipeksi, chisankho chobwereza cha pa 23 June chinatsika kufika cha m'ma 65, koma pa 16 September 2025 chinakweranso kupitirira 75 ndipo a Mutharika anapambana ndi 56.8 peresenti. Mukuganiza anakweza nambalayo ndi azigogo okha? Anali anyamata omwewa atatopa kugona pamzere wa petulo ndi shuga kukwera sabata iliyonse. Komanso lamulo la 50+1 linasintha maganizo, kale munthu ankalowa ndi 36 peresenti ngati 2014 ndiye ukaona kuti munthu wako sapambana unkangokhala pakhomo, pano voti ya pulezidenti kulikonse komwe waponyera imakawerengedwa mu mpikisano wopitirira theka la mavoti onse.

Dala wa pa Biriwiri:
Chemwali manambala anuwo ndi a olembetsa okha, amene sanalembetse samawerengedwa nkomwe, ndiye 75 yanuyo imabisa gulu lonse lomwe ndikunenali. Ndipo dikirani chisankho chachibwereza cha khansala mudzaone, ogwira ntchito pa senta amachuluka kuposa ovota. Sizachilendo, cha makhansala cha 2000 anavota anthu 14 peresenti yokha, mpaka tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 kufika 2014 anthu osadandaula.

Mbumba_ya_Gomani:
Kuwonjezera apo, pa phungu musadabwe kuona munthu wavotera pulezidenti wa chipani china, phungu woima payekha, khansala wa chipani chinanso. Zimayambira ku mapulaimale, chipani chikakakamiza munthu wochokera ku Lilongwe yemwe anthu sanamuonepo pamaliro, wogonjayo amaima payekha ndipo anthu amapita naye. Inu a Wakumphate poti ndinu mlendo komanso wapantchito, ku bawo ndi ku bala muzingomvetsera kaye, ndipo a MEC akadzatsegula zosamutsa maina mudzapite msanga ndi chiphaso chanu, masiku ake amakhala ochepa.

Wakumphate:
Zikomo nonse. Nanga senta yapafupi ndi msika ndi iti, ndidzasamutsire kumeneko?