Zoom H1n yabwera yopanda kanthu: ndiyambe kugula chiyani?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi rekoda ya Zoom H1n yomwe wina anaigwiritsapo kale ntchito, ndipo yabwera yokhayokha. Ndikufuna kujambula agogo akamafotokoza mbiri ya mudzi, nthawi zambiri panja pansi pa mtengo, komanso kwaya Lamlungu. Mphepo ikungoti phu phu m'mawu, mabatire a pagolosale sakuchedwa kutha, khadi ya 64GB ikukana. Ndalama n'zochepa. Ndiyambire pati? Kamaiki ka pakolala n'kofunika?

A Phiri a pa studiyo: Mayi, khadiyo sinawonongeke. H1n imalandira microSD ndi microSDHC mpaka 32GB basi. Ya 64GB ndi mtundu wa SDXC, siiwerenga. Gulani ya 16GB kapena 32GB, muifomate m'rekoda momwemo, osati pa kompyuta. Mukasankha m'rekoda mtundu wa fayilo ya mawu wa WAV pa 48kHz/24-bit, ola limodzi limadya pafupifupi 1GB, choncho 32GB ndi maola 30 kapena kuchepera pang'ono. Chenjerani ndi makhadi achinyengo: kunja alemba 32GB koma mkati muli 4GB kapena 8GB. Poyamba amajambula bwinobwino, malo enieniwo akadzadza mafayilo amayamba kuwonongeka inu osadziwa. Iyeseni kaye ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta ya H2testw musanapite nayo kwa agogo.

Bambo a Chikondi: Khadi ikatheka, chachiwiri ndi chophimba chaubweya choveka pa maiki. Siponji imathandiza m'nyumba ndi pa mpweya wa pakamwa, koma mphepo ya Mwera siiletsa. Timaiki tiwiri ta pamutu pa H1n timamva ngakhale kamphepo koti inu simukukamva pakhungu. Ubweya umaswa mphepoyo isanafike pa maiki. Wotchipa wopanda dzina umagwira ntchito, bola ukhale wothina, usamagwedere, chifukwa ukamakhukhuza rekoda phokosolo limalowanso. Wosoka angakusokereni ndi nsalu yaubweya wautali wa zidole, koma muiyese kaye: ikani pakamwa mupume. Ngati mpweya sukudutsa, mawu adzamveka ngati munthu wafunda bulangete. Yatsaninso Lo Cut, yochotsa phokoso lamanzenene ngati la mphepo, pa 80Hz kapena 120Hz pojambula agogo. Pa kwaya muzimitse, imadula mawu a besi ndi ng'oma.

Nachisale: Zikomo abambo. Nanga mabatire?

Bambo a Chikondi: Imalowa awiri a AAA. Otchipa aja ambiri ndi a zinc-carbon, oyenera wotchi yapakhoma. A alkaline enieni amafika maola ngati 10. Chanzeru n'kugula anayi otchaja a NiMH, monga Eneloop, ndi chaja yake: awiri m'rekoda, awiri m'thumba. Kenako musinthe mtundu wa batire mu menyu ukhale Ni-MH. Otchajawa ndi a 1.2V pomwe alkaline ndi 1.5V, ndiye mukapanda kusintha, chizindikiro cha batire chimanama. Ku tchalitchi mutha kuilumikiza ku pawabanki ndi chingwe cha micro USB, mabatire akhalebe mkati. Mapawabanki ena amazima okha chinthu chikamakoka moto wochepa, muyese kwa ola lathunthu kunyumba.

A Phiri a pa studiyo: Za kamaiki ka pakolala, ine ndikuti dikirani. Kathirayipodi kakang'ono, koimikira rekoda ka miyendo itatu, kangakuthandizeni kuposa. Kumbuyo kwa H1n kuli bowo la sikuluwu yofanana ndi ya makamera. Thupi lake ndi lapulasitiki, chala chikangosuntha chimamveka. Ikani pa mpando, masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pakamwa pa agogo, muzungulitse kagudumu kokwezera mawu olowa mpaka mawu okwera azifika pa -12dB pa sikirini.

Mai Tembo, Lusaka: A Phiri, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Agogo ambiri amayankhula motsitsa, akutembenuka uku ndi uku, nkhuku ndi ana ali pomwepo. Kamaiki pachifuwa, chikhatho chimodzi pansi pa chibwano, kamatola mawu awo kuposa za pabwalo. Boya BY-M1 ndi kotchipa ndipo chingwe chake ndi mamita 6. Kali ndi kabatire ka LR44 ndi siwichi: mukakalumikiza ku rekoda muike siwichiyo pa Cameras, mukamaliza mubwezere pa OFF, apo ayi kabatireko katha kali m'chikwama. Mukagula mtundu wina, werengani timizere takuda pa pulagi. Tiwiri ndi TRS, kolowa mwachindunji, koma ngati kalibe batire yakeyake muyatse plug-in power m'rekoda kuti izikapatsa moto. Titatu ndi TRRS ya foni, imafuna adaputa ngati Rode SC3. Dziwaninso kuti mukalumikiza kamaikiko, timaiki ta pamutu timaleka kumva, ndiye mafunso anu adzamveka patali.

A Phiri a pa studiyo: Zoona mai, pa agogo oyankhula motsitsa ndavomera. Pa kwaya pokha asakagwiritse ntchito, adzangojambula munthu mmodzi. Rekoda ikhale pakati, mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwa oyimba, kutali ndi sipika. Ndipo mayi Nachisale, valani mahedifoni nthawi yonse yojambula, ngakhale a foni omwe muli nawowo. Foni yanu ikhale pa flight mode, chifukwa ikamasaka netiweki pafupi ndi chingwe cha maiki imalowetsa kaphokoso ka dididi kovuta kuchotsa pa kompyuta.