Snowmobile ikuzima payokha, ikatentha sikulira: thandizeni

Moni nonse abale anga, makamaka inu odziwa za injini. Ndili kufupi ndi Thunder Bay ku Ontario, Canada, ndipo snowmobile yanga (kagalimoto koyenda pa chipale chofewa) yandithetsa nzeru. Ndinagula yogwiritsidwapo kale, ya 2008, injini ya two-stroke (yowotcha petulo pamodzi ndi oyilo) ya 550cc, yoziziritsidwa ndi fani, makabuleta awiri.

M'mawa ikazizira imalira bwinobwino, ndikangotsegula choko n'kukoka chingwe kawiri. Koma ndikachotsa chala pa mafuta, imalira mwachibwibwi kenako zii. Chondiwawa kwambiri ndi ichi: ndikayenda mphindi 20 n'kuizimitsa, siliranso. Loweruka ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, ndili pakati pa thengo, chipale chofewa chofika m'mawondo. Nditamasula mapulagi ndinawapeza onyowa, akununkha petulo. Ndinawapukuta, ndinadikira theka la ola, ndiye inalira ndi utsi wambiri.

Mapulagi ndaika atsopano. Petulo wakale ndinakhuthula yense, fyuluta ndinasintha. Makabuleta ndinawamasula n'kutsuka ma pilot jet (timabowo tolowetsa petulo injini ikamalira pang'onopang'ono), kasikuluwu ka idle (kosinthira kaliridwe ka injini ukachotsa chala pa mafuta) ndinakasunthanso pang'ono, koma palibe chasintha. Compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda) ili pa 120 psi m'masilinda onse awiri. Makaniko wina anangoti ndisinthe stator (yopanga magetsi mu injini) osaiyeza n'komwe, ndipo mtima wanga ukukana chifukwa moto pa pulagi ulipo.

Ine ndikukayikira needle ndi seat (zotseka petulo mu kabuleta), kuti mwina petulo akudontha injini itazima, kapena choko sikutsekeka bwino. Kodi ndiyambire pati? Nanga ma crank seal (timphira totseka kuti mpweya usalowe mu injini) angachititse zonse ziwirizi, kuzima payokha ndi kukana kulira ikatentha, ndipo ndingawayeze bwanji pakhomo osatsitsa injini? Chonde amene munakumanapo nazo ndiuzeni.