Mafizo a m'maganizo kwa mwana wa zaka ziwiri, zingatheke?

Nabanda: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikuchititsa mafizo kamtsikana ka zaka 2 ndi miyezi 4, CP (cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo mwana asanabadwe kapena ali wakhanda) inagwira mbali yakumanja. Kadzanja kamakhala kofumbata, chala chachikulu chili mkati. Paja odwala sitiroko timawauza kuti atsinzine, aganize ngati akunyamula kapu, kenako ayesere zenizeni. Mayi ake anandiona ndikuchita zimenezi ndi agogo ena, ndiye akuti ndimuchitenso mwana wawo. Ndiwayankhe bwanji?

A Phiri: Mwana wa zaka ziwiri mumuuze atsinzine? Akusuzumirani ndi diso limodzi basi. Zoganiza kuyendetsa thupi mochita kuuzidwa zimayamba kutheka cha m'ma zaka 5 mpaka 7. Auzeni mayiwo adikire.

Nangozo: A Phiri, pa zouzidwazo ndikuvomera, koma zodikirazo ayi. M'mutu mwa mwanayo kuyeserera kulimo kale, kungoti sikubwera ndi lamulo. Piaget, katswiri wa kakulidwe ka maganizo a ana, analemba za mwana wake Lucienne ali ndi miyezi 16. Anamubisira tcheni cha wotchi m'kabokosi ka machesi, n'kusiya kampata kakang'ono. Mwana anapisa chala, osachipeza. Anayang'anitsitsa kampatako, n'kuyamba kutsegula ndi kutseka pakamwa, koyamba pang'ono, kenako kwambiri. Atatero anakoka kabokosi mpata n'kukula, tcheni n'kutuluka. Anayamba wayesera ndi pakamwa dzanja lisanagwire ntchito.

A Mbewe: Achemwali, muli ndi supuni pafupi? Yesani zimene wofufuza wina, McCarty, ndi anzake anachita mu 1999. Anapaka chakudya ku supuni n'kuiika patsogolo pa mwana, chogwirira nthawi zina kumanja, nthawi zina kumanzere. A miyezi 9 ankangotola ndi dzanja lomwe anazolowera, nthawi zina chogwirira n'chimene chinkalowa m'kamwa. A miyezi 14 ankatola molakwika koma n'kukonza supuni isanafike pakamwa. A miyezi 19 ankayamba ayang'ana, n'kusankhiratu dzanja loyenera. Kusankhiratu kumeneko n'kumene mukufuna. Phala likhale lolimbirako lisatayike, supuni muisanjike pa makapu awiri kuti dzanja lilowe bwino, ndiye muone achita ngati gulu liti.

Nabanda: Koma uyutu atola ndi lamanzere nthawi zonse. Ndiona chani pamenepo?

A Mbewe: Muona zambiri. Chogwirira chikaloza kumanja, kodi akutembenuza dzanja asanagwire, kapena akugwira kumene kuli phala n'kumavutika pambuyo? Wofufuza wina, Steenbergen, ndi anzake ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anapeza kuti ana a CP ya mbali imodzi amavutika kukonzekeratu kagwiridwe ngakhale ndi dzanja labwinolo. Vuto silili m'minofu mokha.

Nangozo: Tsono mankhwala ake pa msinkhu umenewu ndi maso. Mu 1988 wofufuza wina, Meltzoff, anaonetsa ana a miyezi 14 munthu akuyatsa kabokosi ka getsi pokagunda ndi mphumi. Sanawalole kukagwira tsiku limenelo. Patatha sabata, ambiri anaweramira kabokosiko ndi mphumi. Ndiye kuti zimene mwana waona amazisunga, thupi n'kudzazitulutsa pambuyo.

Chitani chonchi: mayi akhale pambali pake, osati moyang'anizana, kuti manja awo aoneke ngati ake. Achite chinthu chimodzi pang'onopang'ono, katatu, pakamwa pali chete. Kenako amupatse, iwo manja awaike pantchafu. Apa m'pamene pamavuta. Mwana akangoima kaye n'kumayang'ana, ife timathamangira kumugwira dzanja, chonsecho nthawi imeneyo ndi imene akukonza zoti achite.

A Phiri: Chabwino, mwandigonjetsa. Koma sankhani ntchito zokana dzanja limodzi, apo ayi lamanjalo lizingogona. Kuvundukula kontena, kusenda nthochi yoyambidwa kale, kugwira mbale uku akukomba. Chimanga ndi nyemba ayi, angatsamwe nazo. Ndipo ngati ali ndi mkulu wake wa zaka 4 kapena 5, aziwonetsa ndi ameneyo. Ana amatsanzirana msanga kusiyana n'kutsanzira ife a mayunifomu.

Nabanda: Alipo mchimwene wake, amapita ku mkombaphala. Nanga kangati patsiku? Mayiwo amagulitsa tomato, nthawi ndi yochepa.

Nangozo: Musawapatse nthawi yapadera, sangakwanitse. Alowetse pa phala la m'mawa ndi posamba madzulo, mphindi zochepa mwana asanatope. Akakana, asiye. Ngati ali ndi foni yojambula, ajambule supuni ija lero, adzajambulenso pakatha mwezi, mudzafananize.

Nabanda: Zikomo kwambiri akuluakulu. Akubwera Lachinayi, ndiwauza abwere ndi mchimwene wakeyo komanso phala m'kontena.