Ndimaopa kuonetsa anthu ndakatulo zanga, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi ndakatulo zoposa 30 m'kope, koma palibe amene anaziwerengapo. Ndikangoganiza zotumizira munthu, mtima umagunda, ndimaona ngati andiseka kapena andibera. Inu odziwa, munthu amayamba bwanji?

Mkonzi wa zolemba: Musayambire pagulu lalikulu ngati lino, m'bale wanga. Sankhani ndakatulo imodzi yokha, koma isakhale ya dzulodzuloli ayi. Imeneyo ikadali yaiwisi mumtima, ndipo wina akaidzudzula mumamva ngati akunena inuyo. Tengani imene yagona masabata awiri kapena kuposerapo. Iwerengeni mokweza uku mukujambula mawu pafoni, kenako mumvetsere. Pamene lilime lapunthwa, kapena mpweya wakutherani mzere usanathe, chongani ndi pensulo, mukonze.

Mukatero apatseni anthu atatu, aliyense payekha, ndipo akhale oti amawerenga kale ndakatulo. Okukondani kwambiri amangoti "zabwino zedi", koma mawu amenewo sachotsa mantha, chifukwa nanunso mumadziwa kuti akanatero ngakhale ikanakhala yosakoma. Musawafunse kuti "yakoma?", funso limenelo limaitana chigamulo. Afunseni zoti angathe kuloza ndi chala: ndi mzere uti wakutsalirani m'mutu, ndi pati simunamve, ndi pati maganizo anayamba kuyendayenda.

Potumiza musapepese. Mukayamba ndi "pepani sinalembedwe bwino", mwamutuma kale wowerengayo kukasaka zolakwika. Tanthauzo lakenso musafotokozeretu, apo ayi simudzadziwa ngati ndakatuloyo ikutha kudzilankhulira yokha.

Mphunzitsi wa zolembalemba: Ndiwonjezepo za kalandiridwe ka mayankho, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Akamalankhula, inu lembani chabe, musadziteteze. Thokozani, tsekani kope, mudzalitsegule mawa mtima utakhala pansi. Malo amene anthu awiri mwa atatu aloza, pamenepo pali vutodi. Chimene wanena mmodzi yekha mutha kuchitenga kapena kuchisiya. Dziwaninso kuti owerenga amalondola ponena pamene pavuta, koma mankhwala amene amapereka nthawi zambiri salondola. Kakonzedwe nkanu.

Wodziwa za umwini wa zolemba: Za kuberedwazo, Pangano la Berne la 1886, loteteza umwini wa zolemba, limene maiko oposa 170 analowamo, limati umwini sudikira kuti mukalembetse kwina kulikonse. Koma chotetezedwa ndi mawu mmene mwawalukira, ganizo palokha silitetezedwa. Chofunika ndi umboni: sungani makope oyambirira okhala ndi madeti, ndipo musanatumizire wina aliyense, dzitumizireni nokha pa imelo. Chenjeraninso ndi ichi, magazini ndi mipikisano yambiri imawerengera ndakatulo yoikidwa poyera pa Facebook ngati yosindikizidwa kale, ndiye saiilandira. Imene mukufuna kukapikisana nayo itumizeni ku inibokosi basi.

Membala wobisa dzina: Zikomo kwambiri nonse. Nanga onse atatu akati sinakome?

Mkonzi wa zolemba: Afunseni kuti pati. Woloza ndime kapena mzere wakupatsani pogwira, konzani pomwepo, papite sabata, mumutumizirenso. Wolephera kuloza, kapena wonyoza inuyo m'malo monena za ndakatulo, musadzamupatsenso, pezani wina. Ndipo pamene mukudikira mayankho, yambani kale kulemba ina, kuti mtima wonse usapachikike pa imodziyo.