Ndikufuna kukweza makolo anga sitima yapamadzi ya ku Durban, odziwa ndithandizeni

Mwana wa aphunzitsi, Moatize

Moni nonse pagulu pano. Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga, lero ndabwera ndi yanga. Makolo anga akukwanitsa zaka 40 ali pabanja mu Disembala chaka chino. Bambo anali mphunzitsi ku Ulongué, pano anapuma. Mayi amalima kachewere ku Dómuè, ndipo ndi kachewere ameneyo amene anatiphunzitsa tonse anayi. Ine ndakhala mu xitique, gulu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, ndi anzanga akuntchito kwa zaka ziwiri, mwezi wamawa ndi nthawi yanga yolandira, ndipo ndikaphatikiza ndi zomwe ndasunga zikwana 250,000 meticais.

Maganizo anga ndi oti ndiwakweze sitima zikuluzikulu zija za cruzeiro, tonse atatu. Mayi sanaonepo nyanja yamchere. Madzi aakulu amene amawadziwa ndi Zambezi, ndipo chapa ikamawoloka pa mlatho wa Samora Machel amatsinzina mpaka kutsidya. Bambo amadzitama kuti anakwerapo sitima ya Ilala pa nyanja ya Malawi nthawi ya nkhondo tili ku Dedza, ndiye akuti iwo za madzi amazidziwa kale.

Ndikufuna kudziwa ngati mtengo umene amaulemba pa intaneti uli wonse kapena pali zina zobisika. Chipinda choyenera anthu achikulire ndi chiti? Kuchoka kuno kukafika ku Durban tidzere kuti? Ndipo musandiseke, nsima imapezeka?

Mayi wa ku Matundo

Achemwali, mwaganiza bwino. Ine ndi bambo a kunyumba tinapitako kamodzi. Choyamba konzekerani kuseka: muyenda ulendo wonsewo kupita ku Durban kuti sitima ikubweretseni ku Mozambique komwe kuno. Sitima za kampani ya MSC zonyamukira ku Durban nthawi zambiri zimapita ku Ilha dos Portugueses, pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo, zina ku Pomene ku Inhambane. Ulendo wake umakhala wa mausiku atatu kapena anayi, ndipo zimayenda nyengo yotentha yokha, kuyambira cha mu Novembala.

Za mtengo tcherani khutu. Umene mukuuonawo ndi wa munthu mmodzi, ndipo amawerengera kuti m'chipindamo mugona awiri. Inuyo muli atatu, ndiye musankhe: kugona chipinda chimodzi ndi makolo, inu pa kabedi kotsika kukhoma kapena pa sofa, kapena kutenga chanu. Kwa ife Angoni mwana wamkazi wamkulu kugona chipinda chimodzi ndi bambo ake mukudziwa momwe zimakhalira. Koma mukatenga chanokha amakulipiritsani pafupifupi ngati anthu awiri. Ndikadakhala ine ndikadapeza mng'ono wanga kapena mnzanga woti adzilipirire, tigawane chipinda.

Chakudya cha ku buffet ndi cha kumalo odyera aakulu chili kale mumtengo, mudzadya mpaka kutopa. Zakumwa ayi. Madzi, tiyi ndi khofi za pa makina ku buffet ndi zaulere, koma fanta, madzi a m'botolo ndi mowa mumagula. Palinso ndalama ya antchito imene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, ndi ndalama za madoko. Funsani wokugulitsaniyo akuuzeni polemba ngati zimenezi zalowa kale. M'sitimamo simugwira ndalama m'manja, amakupatsani kadi imene imakhalanso kiyi wa chipinda, chilichonse mukungogunditsa. Mitengo ili m'madola, ndipo dola imodzi ndi pafupifupi 64 meticais. Amuna anga tsiku loyamba ankagunditsa ngati ndi kadi ya munthu wina. Titawerengetsa usiku, mawa lake anasanduka okonda tiyi.

Mkulu wa ku Tsangano

Mwana wanga, 250,000 ndi ng'ombe zingati? Feteleza matumba angati? Makolo anu mukawafunsa mwaulemu akuuzani kuti muwagulire malata ndi pampu yothirira kudimba. Madzi ngati akufuna kuwaona, apite ku Songo akaone Cahora Bassa, akadye pende ndi kapenta, madzulo ali kunyumba. Zinazi ndi za azungu.

Mwana wa aphunzitsi, Moatize

Zikomo bambo, ndamva. Malata tinakhoma kale chaka chatha, pampu anagula achimwene. Chimene mayi sanalandirepo chibadwire ndi kudzuka m'mawa wina n'kuwaphikira, wina n'kuwayalira bedi. Ndicho ndikufuna kugula.

Mkulu wa ku Tsangano

Apo ndiye ndilibe mawu. Koma musakongole.

Dalaivala wa mathiraki, Zóbuè

Ine sitimayo sindinakwerepo, koma msewu wa ku Durban ndi kuntchito kwanga, padoko ndimafikapo mwezi ndi mwezi. Asisi, ndalama yanu yambiri ithera panjira osati pamadzi. Njira ya ku Zimbabwe, kudzera pa Cuchamano, Harare mpaka Beitbridge, ndi ya ife ozolowera. Pa Beitbridge mukhoza kuima maola ambiri, makamaka mu Disembala anthu akamabwerera kumudzi, ndipo munthu wa zaka za m'ma 60 afika ku Durban miyendo itatupa. Njira ya mkati, Tete, Chimoio, Inchope kenako EN1 mpaka Maputo, imaposa makilomita 1,500, ndipo chigawo china cha msewuwo ndi maenje okhaokha. Ngati thumba likulola, kwerani ndege pa Chingodzi kupita ku Maputo, mugone, kenako mupitirize pa galimoto. Chitsegulireni mlatho wa Katembe mu 2018, njira yodzera Ponta do Ouro kulowa Kosi Bay inafupikitsa ulendo wa ku Durban kwambiri. Airlink imaulukanso kuchoka pa Tete kupita ku Johannesburg, yerekezani mitengo yonse iwiri musanagule.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi: fikani ku Durban dzulo lake, mugone pa hotela. Sitima si chapa yoti mukuwa kuti imani pali agogo akubwera. Nthawi ikakwana amachotsa mlatho wokwerera, ndalama zanu zapita. Ife a ku Mozambique timalowa ku South Africa popanda viza mpaka masiku 30, koma pasipoti ndiyofunika, chiphaso cha BI chokha sichikuthandizani. Onani kuti yatsala ndi miyezi yosachepera 6. Ngati makolo alibe, pitani nawo ku Migração sabata ino, musadikire Novembala.

Namwino, Furancungo

Ndiwonjezere za thupi. Chizungulire ndi nseru za panyanja sizisankha, ngakhale bambo anuwo a Ilala zikhoza kuwagwetsa. Nyanja ya pakati pa Durban ndi Maputo imakhala ndi mafunde ndithu. Sitima imagwedezeka kwambiri kutsogolo, kumbuyo ndi m'mwamba, ndiye pemphani chipinda chapakati, pansanjika yam'munsi. Chopanda zenera ndiye chotchipa, koma kwa mayi amene amatsinzina pa mlatho sindikuchilimbikitsa. Munthu akamaona kumene madzi akumana ndi thambo mutu umakhazikika, pomwe m'chipinda chotsekeka usana ndi usiku sizisiyana. Chazenera chikwanira, chakhonde ndi chokoma koma mtengo umakwera.

Mankhwala a BP kapena shuga akhale m'kachikwama kam'manja, chifukwa masutikesi mumawasiya polowa ndipo amafika kuchipinda patapita maola. Tengani ochulukirapo kuposa masiku a ulendo. Mapilitsi a nseru amagonetsa ndipo ena sagwirizana ndi mankhwala a achikulire, choncho akafunse kuchipatala asananyamuke. Dokotala m'sitima alimo koma ndi wolipira, m'madola, ndiye inshuwaransi yapaulendo musaidumphe, ndipo muwerenge ngati ikulola msinkhu wawo ndi matenda amene ali nawo kale.

Za mwezi. Disembala ndi tchuthi cha ana asukulu ku South Africa, sitima imadzaza, phokoso, mitengo pamwamba. Januwale mpaka Malichi ndi miyezi ya namondwe, tonse tikukumbuka Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anagwetsa mlatho wa Revúbuè pakhomo panu pomwepo, ndi Freddy mu 2023. Ine ndikadasankha Novembala.

Mayi wa ku Matundo

Anamwino anena zoona, ndipo ndinaiwala chinthu. Ku Ilha dos Portugueses kulibe doko. Sitima imaima patali, anthu amatsikira m'timaboti kupita kumchenga, ndipo mphepo ikakula kaputeni amaletsa kutsika. Zimenezi zinalembedwa m'malamulo a tikiti, ndiye musawalonjeze makolo kuti adzaponda pachilumba. Kukwera ndi kutsika kabotiko kumafunanso mawondo abwino. Ngati mayi akana musawakakamize, tsiku limenelo sitima imakhala phee, anthu onse atatsika, mipando ya padziwe ili yawo.

Wakale wa m'sitima, Beira

Ndine wa ku Angónia koma ndinakhazikika ku Beira. Ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'sitima za alendo zaka zingapo, ndiye ndinene zimene sizinatchulidwe.

Mawu oti sitima yapamwamba amasokoneza anthu. Sitima zikuluzikulu zonyamula anthu masauzande, zamagetsi ophethira ndi masitepe onyezimira, m'ntchito yathu timaziwerengera kuti ndi za aliyense. Zapamwamba zenizeni ndi zazing'ono, za makampani ngati Silversea, Seabourn ndi Regent Seven Seas, zonyamula anthu mazana ochepa, zakumwa ndi ndalama ya antchito zili kale mumtengo, pafupifupi chipinda chilichonse ndi suite, chipinda chachikulu chokhala ndi pochezera pake. Usiku umodzi wa munthu mmodzi ukhoza kumeza gawo lalikulu la xitique yanuyo, ndipo m'menemo mumakhala zii, anthu akuwerenga mabuku. Makolo anu akasangalala kwambiri pa yaikulu, pamene pali magule, nyimbo ndi anthu akuda anzawo akuvina. Sitima zina za MSC zili ndi mbali yotchedwa Yacht Club, yokhala ndi malo ake odyera, dziwe lake ndi wantchito wokusamalirani, koma si zonse, ndipo pa ndalama mwatchulayo musaiganizire.

Nsima musadalire. Mpunga, nkhuku, nsomba, nyemba ndi masamba zimakhalapo tsiku lililonse, kachewere ndiye wamitundumitundu, mayi anu akakhala ndi ntchito yomuyesa ngati akufika pa wa ku Dómuè. Ndipo chonde musalongedze ketulo, kambaula kamagetsi kapena simbi poganiza kuti mukatakasa nsima kuchipinda. Masutikesi amadutsa pa makina, zonse zotentha amalanda chifukwa moto ndiwo mdani wamkulu wa sitima. Mowa wochokera kunja nawonso salola.

Tsiku loyamba kudzalira belu, kasanu ndi kawiri mofupika, kamodzi motalika. Muwauziretu mayi kuti ndi zoyeserera chabe, aliyense amayenera kudziwa malo ake osonkhanira ndi kavalidwe ka jekete yoyandamitsa. Lamuloli analikhwimitsa itamira sitima ya Costa Concordia ku Italy mu Januwale 2012, pamene panafa anthu 32, ndipo tsopano zimachitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Ndinaonapo gogo wina akulira ndi kupemphera chifukwa ana ake sanamuuze.

Foni zonse muziike pa chizindikiro cha ndege mukangochoka padoko. Pakati pa nyanja foni imalumikizana ndi netiweki ya setilaiti, yodula koopsa. Mukagula phukusi la zakumwa, kawirikawiri amafuna onse a m'chipinda chimodzi agule, ndiye ngati makolo samwa mowa muwerengetse kaye fanta zingati angamwe pa tsiku. Usiku wa gala, pamene anthu amatchena popita kukadya, bambo avale jekete lawo la kutchalitchi, mayi kapulana yabwino ndi duku, adzaposa onse.

Mnyamata wa ku Chingodzi

Ine yanga ndi yowawa. Ndinaona tsamba lina pa Facebook likutsatsa ulendo womwewu pamtengo wotsika, ndinatumiza theka pa foni ku nambala ya munthu. Anandipatsa pepala lokongola lokhala ndi chithunzi cha sitima. Patatha sabata tsambalo linasowa. Gulani pa tsamba lenileni la kampani kapena kwa ejenti amene ali ndi ofesi yoti mukhoza kulowamo, ndipo akupatseni nambala ya booking muilowetse nokha pa tsamba la kampani muone mayina a makolo anu akutuluka, olembedwa ndendende ngati m'pasipoti.

Mwana wa aphunzitsi, Moatize

Pepani achimwene, ndipo zikomo nonse, ndalemba zonse m'kope. Mng'ono wanga wa ku Chimoio wavomera kubwera ndi kudzilipirira, ndiye za zipinda zatheka, ziwiri zazenera. Mapasipoti tikayamba Lolemba.

Koma ndawaimbira mayi madzulo ano. Bambo avomera msangamsanga, ayamba kale kufotokoza za mwera wa pa Nkhotakota. Mayi akuti Novembala sangachoke, mvula yoyamba ikagwa iwo ali pamadzi adzawadzalira ndani, aganyu sawakhulupirira ndi mbewu. Disembala akuti ndi kupalira ndi kuthira feteleza. Andiuza kuti ndifunse ngati sitimayo imayendabe mu Epulo.

Wakale wa m'sitima, Beira

Zimasiyana chaka ndi chaka. Zaka zina maulendo omaliza amafika kumayambiriro kwa Epulo, zina amathera mu Malichi, kenako sitima imabwerera ku Ulaya. Onani kalendala ya nyengo ino lero lomwe, mutenge wa kumapeto kwenikweni, koma mupewe sabata ya Pasaka.