Pempho la nzeru pa kukonza mkati mwa ndege yaing'ono yakale

Akuluakulu odziwa za ndege, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi ndege ya mipando inayi ya mtundu wa Cessna 172, yopangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo imakhala kuno ku Nchalo m'boma la Chikwawa. Injini yake ilibe vuto, koma mkati mwaonongeka ndi kutentha kwa m'chigwa chino, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, moti nsalu za mipando zang'ambika, siponji yafumbutuka, ndipo mapulasitiki a m'zitseko achita ming'alu.

Kuitanitsa zonsezi ku South Africa kukufuna ndalama zakunja zomwe zikusowa masiku ano. Nkhawa yanga yaikulu ndi moto, pakuti nsalu ndi siponji za m'ndege ziyenera kukhala zosayaka msanga, ndipo za m'galimoto sindizikhulupirira ngakhale zili zotsika mtengo.

Kodi mmisiri wosoka mipando ya galimoto ku Limbe angaloledwe kugwira ntchitoyi nditagula ndekha nsalu yovomerezeka? Nanga injiniya wa chiphaso ku Chileka ayenera kusainira chiyani, makamaka ngati kulemera kwa ndegeyo kwasintha? Ndingathokozenso mutandiuza ngati mapulasitiki osweka angamatidwe m'malo mogula atsopano.