Ndadwala pakati pa ulendo wa ku Santiago, ndikwere basi kapena ndipirire?

Nachisale: Abale anga, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munayendapo Camino de Santiago, ulendo wachipembedzo woyenda pansi wa ku Spain, komanso azachipatala amene muli muno.

Ndikulemba ndili chigonere ku Carrión de los Condes, ku Spain, m'nyumba yogona oyenda ulendowu imene kuno amati albergue. Ndinanyamuka ku Saint-Jean-Pied-de-Port, mbali ya France, masiku 17 apitawo. Kuchokera kumeneko kukafika kumanda a mtumwi Yakobo ku Santiago de Compostela ndi makilomita pafupifupi 780, ndipo anditsalira pafupifupi 400. Mapiri a Pyrenees ndinawoloka bwinobwino, Pamplona, Logroño ndi Burgos ndinadutsa. Matuza a kumapazi ndinachita kuwazolowera. Chimene chandigwetsa ndi m'mimba.

Zinayamba dzana usiku ku Frómista. Ndikukayikira madzi a pampopi wina wa m'njira, chifukwa mawu oti "agua no potable", kutanthauza kuti si akumwa, ndinawaona botolo lili kale theka. Dzulo ndinakakamira makilomita 19 kufika kuno. Usiku wathawu ndadzuka kasanu ndi kawiri. Ndinapatsidwa bedi lam'mwamba, ndiye nthawi iliyonse ndimatsika pamakwerero mumdima, foni ndili nayo kukamwa kuti indiunikire, miyendo ikunjenjemera, ndikuopa kudzutsa anzanga oposa 20 a m'chipindamo. Magazi palibe, koma thupi likutentha pang'ono, mkodzo ndi wochepa komanso woderako, ndipo ndikaimirira ndikuchita chizungulire.

Kutsogoloku kuli makilomita 17 opanda mudzi kukafika ku Calzadilla de la Cueza. Ndi chigwa cha Meseta, minda ya tirigu yokhayokha, mthunzi wosowa.

Chikundivuta kwambiri n'chakuti ndinawinda. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala miyezi itatu, ndinalonjeza Mulungu kuti akachira ndidzayenda ulendowu ndi mapazi anga. Anachira, pano ali kusukulu. Ndege yobwerera ndi ya masiku 18 akubwerawa. Ndikapuma masiku atatu, sindikwanitsa popanda kukwera basi penapake. Kodi pamenepo sindiswa lonjezo? Nanga Compostela, satifiketi imene amapatsa omaliza ulendowu, adzandipatsa? M'chikwama ndili ndi ibuprofen ndi loperamide, ndimwe uti?

Mayi a Tadala: Achemwali, ine ndine namwino. Mawa musayende. Chizungulire ndi mkodzo woderawo ndi zizindikiro zoti madzi atha m'thupi. Ibuprofen musiyeni kaye, amavulaza impso munthu akakhala wopanda madzi, komanso amapweteka m'mimba. Ngati thupi likuwawa imwani paracetamol. Loperamide nayenso ayi pamene thupi likutentha kapena mukaona magazi, chifukwa amatsekera tizilombo mkati. Pitani ku famase, mudzaizindikira ndi mtanda wobiriwira, mukapemphe ORS, iwo amati suero oral. Ikasowa, thirani masupuni ang'onoang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi a m'botolo, muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Popeza thupi likutentha, pitani lero kuchipatala chaching'ono, chimene amati centro de salud, akakuoneni, musadikire. Mukayamba kusanza chilichonse chimene mwamwa, kapena maola asanu ndi atatu atha osakodza, imbani 112, nambala yoitanira thandizo lamwadzidzidzi.

Chifuniro B.: Mayi, ulendo wachipembedzo umafuna kupirira. Akale ankayenda njira yomweyo opanda famase, opanda basi. Limbani mtima, mwina ndi mayesero chabe.

Mayi a Tadala: Achimwene, akalewo ambiri anafera m'njira. N'chifukwa chake m'mbali mwa njira imeneyi munamangidwa nyumba zosamalira odwala ndi manda a oyenda ulendowu. Musamulimbikitse munthu wachizungulire kulowa makilomita 17 opanda mudzi.

Bambo Gama: Ndinayenda njira yomweyi. Za satifiketi mtima ukhale m'malo. Chimene amafuna kwa woyenda pansi ndi makilomita 100, n'chifukwa chake khamu limayambira ku Sarria, pamtunda wa makilomita pafupifupi 115 kuchokera ku Santiago. Chigawo chimenecho ndiye musakwere kanthu, ndipo m'kabuku kanu ka credencial, kosonyeza malo amene mwadutsa, muzidindamo zidindo ziwiri patsiku. Ku albergue lamulo ndi kugona usiku umodzi, koma wodwala kawirikawiri amamulola kuwonjezera, makamaka akaonetsa kapepala ka dokotala. Pemphaninso bedi lapansi, musachite manyazi. Inshuwalansi imene munagula popempha viza ya Schengen yolowera ku Ulaya ija, yotha kulipira ndalama zosachepera ma euro 30,000, ntchito yake ndi imeneyi. Aimbireni musanapite kuchipatala ndipo malisiti onse musunge. Mukachira kwerani basi kukafika mumzinda wa León, muyambirenso kuyenda kumeneko. Masiku oyamba chikwama muzichitumiza patsogolo, ngakhale a positi a Correos amanyamula. Mphamvu musungire mapiri a Cruz de Ferro ndi O Cebreiro, ndi otopetsa kwambiri.

Gogo Nasimango: Mwanawe, funso la lonjezolo ndi limene landikhudza. Unawinda chifukwa chofuna kuti mwana akhale ndi moyo. Mwana yemweyo akufunanso mayi wake abwerere wamoyo. Ngati mtima sukukhazikika, pita kutchalitchi cha pamalopo ukalankhule ndi ansembe. Mu mpingo wa Katolika abambo mfumu ali ndi mphamvu yomasula kapena kusintha lonjezo limene munthu anachita payekha, pakakhala chifukwa chomveka. Makilomita amene udumphewo ukhoza kudzawabweza chaka china.

Nachisale: Zikomo nonse. Ndabwerako ku centro de salud. Dokotala wati ndipume masiku awiri, maantibayotiki sanandipatse, wangoti ndipitirize suero oral ndi zakudya zopepuka, ndibwererenso ngati kutenthaku sikutsika. Mayi wosamalira albergue wandisamutsira pabedi lapansi pafupi ndi chitseko, ndipo wandiikira ndowa ndi botolo lamadzi pambali osandifunsa kanthu. Ndinalira. Agogo, madzulo ano kuli Misa, ndikatha kuimirira ndikaonana ndi ansembe. Za basi mtima sunavomerebe kwenikweni. Bambo Gama, kuchokera ku León ndi masiku 14 okha, kodi n'zotheka kwa munthu amene wangochira kumene, kapena ndikatsikire ku Astorga, kutsogolo kwa León?